Wapansi m'chigwa cha Shire

Lolemba, 14 Julaye, pa Dyeratu

Ndinachoka ku Chilomoni chiperoni chikuwaza, nditavala majuzi awiri. Pofika pa Mpemba mawindo a minibasi anali atachita nkhungu, aliyense manja m'khwapa. Titayamba kutsetsereka mapiri, msewu ukukhotakhota, makutu anatseka, ndipo mmodzimmodzi anthu anayamba kuvula zamphepo. Mayi amene ndinakhala nawo pampando anavula mwana chipewa nkunena kuti, "Tafika kwathu." Pansi apo chigwa chonse chinali chitayala, Shire akunyezimira pakati, kutali uko kubiriwira kwa nzimbe.

Ndinalipira K6,000 ya pa Dyeratu koma ndinatsikira pa Thabwa. Kondakitala anandiyang'ana kawiri. "Bambo, simunafiketu." Ndinamuuza kuti kotsalako ndiyenda.

Ndifotokoze chimene chandibweretsa kuno. Ndimaphunzitsa kwaya ya kumpingo kwathu, ndipo kwa zaka 16 nyimbo zambiri zimene timaimba ndimapeka ndine. Bambo anga adamwalira mu Ogasiti chaka chatha. Chichokereni pamaliro sindinapekepo ngakhale mzere umodzi. Ndikakhala pa kiyibodi zala zimangobwerera ku nyimbo zakale. Tulo ndi ta maola atatu, kenako maganizo amayamba kuzungulira ngati mbuzi ya pachingwe: ndikadawatengera kuchipatala msanga, ndikadayankha foni yawo tsiku lija. Mwana wa achemwali anga, amene akuphunzira unamwino, ndiye anandikhazika pansi. "Amalume, kaonaneni ndi mlangizi. Komanso muziyenda, kwenikweni kumene kuli mitengo." Kwa mlangizi ndapitako kawiri ndipo ndidzabwererako. Kuyendako ndiye kuno.

Bambo adabadwira kufupi ndi kwa Tengani, ku Nsanje. Ali mnyamata adayenda wapansi kuchokera kumeneko mpaka ku Nchalo kukafuna ntchito yodula nzimbe. Nkhaniyi ankatiuza kawirikawiri mpaka tidaleka kumvetsera. Ndikufuna njira yomweyo, kuyambira kumene iwo adathera. Sindiyenda yonse, miyendo yanga ndikuidziwa, koma tsiku lililonse ndiziponda pansi.

Pa Thabwa ndinagula kambale ka masau K500, ndinkadya ndikuyenda. Pa mlatho wa Kamuzu ndinaima nthawi yaitali. Madzi ndi ofiirira, amayenda mwakachetechete koma mwamphamvu. Mnyamata wina wa njinga yodzaza makala anaima pambali panga kupumira, nkundiuza kuti ndisadzayerekeze kutsikira kumadzi pamalo amene sindikuwadziwa, ng'ona za kuno sizichita manyazi.

Chipinda ndapeza cha K10,000, neti yake ndaimanga mfundo pawiri. Nsima ya mlamba K3,500. Mutu ukadali phokoso lomwe lija.

Lachiwiri, 15 Julaye, Chikwawa

Ndinadzuka 5 koloko kuti ndilipite dzuwa patsogolo. Boma la Chikwawa lili pamtunda, ndipo ukaima kumapeto kwa phompho mtsinje umaoneka pansi, ndi madimba mbali zonse. Kumpoto kuli Kapichira. Sindinapiteko, koma dzinali limandikumbutsa Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana adagumula damu nkuzimitsa makina amene ankapereka magetsi pafupifupi mamegawati 130. Miyezi imeneyo kwaya yathu inkachita pulakatisi ndi tochi ya pafoni, popanda kiyibodi, ndipo kunena zoona mawu adakhwima bwino. Bambo ankabwera kudzakhala kumbuyo, mumdima, kumvetsera.

Ndinatsikira kumadimba potsata kanjira ka anthu. Chimanga cha m'chilimwe chafika m'chiuno, mbatata zayanga, nyemba zili maluwa. Kanjirako ndi kopapatiza, kali ndi minga, ndipo ndimaopa njoka, choncho maso anali pansi nthawi yonse. Apa ponda, apa lumpha, apa pali matope. Nditatulukira pamchenga nkuyang'ana wotchi, ndinapeza kuti patha ola lathunthu osaganizako za chipatala. Ola limodzi ndi laling'ono, koma sindikukumbukira lina lotere chaka chonsechi.

Pamchengapo ndinapeza mayi akukumba mbatata, mwana ali pamthunzi wa chitenje chomangirira pa timitengo. Anandifunsa kumene ndikupita. Nditati ndikungoyenda, anaimika khasu.

"Kungoyenda? Popanda kumene mukupita?"

Iwo amayenda maola awiri kubwera kudimba, awiri kubwerera, thumba pamutu. Munda wawo wakale adaukwirira mchenga pa namondwe Freddy, mu Malichi 2023, ndiye akubwereka uno. Ndinachita manyazi. Chimene ine ndikuchitenga ngati mankhwala, kwa iwo ndi thukuta la tsiku ndi tsiku, ndipo akadapeza njinga sakadaikana. Sindikufuna kuiwala zimenezi pamene ndikulemba zokoma za kuyenda.

Koma sanandinyoze. Anapita pa phulusa nkufukula mbatata ziwiri zootcha, nkundipatsa. "Idyani, bambo. Woyenda sayenda ndi njala." Ndalama anakana. Ndinawathandiza kusenza thumba, ndipo ndi lolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Lachitatu, 16 Julaye, Nchalo

Tsiku loipa. Ndinati ndiyende mumsewu waukulu wa M1 kuchokera pa Dyeratu. Mathiraki, mahutala, fumbi, phula likutentha kupyola m'nsapato ngakhale ndi mwezi wozizira. Galimoto ikamabwera uyenera kudumphira kumbali. Maganizo aja anabwerera onse, ndi ukali. Pofika pa Bereu chidendene chakumanja chinali chitatuluka thuza. Ndinayang'ana mtsinje wa Mwanza, mchenga kuchuluka kuposa madzi, nkukwera minibasi. K2,000.

Madzulo ndinakhala pa benchi ya wogulitsa tiyi. Kuno nzimbe amayamba aziotcha asanadule, ndiye timaphulusa takuda timagwa pang'onopang'ono, tina m'kapu momwe. Kenako anadutsa anyamata oweruka kumunda, zikwanje m'manja, nkhope ndi malaya zili bii, maso okha akuyera. Mmodzi anali woonda, wamtali, akuyenda mopendekera kumanzere monga ankayendera bambo. Munda wa nzimbewu udayamba m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene anthu ankangoti ku Sucoma, ndipo bambo adakhala mmodzi wa anyamata otere kwa zaka zinayi. Ine ndidawadziwa atavala kale tayi. Misozi inatsika ndili pabenchi pomwepo. Mwini tiyi sanafunse kanthu, anangondiwonjezera wina.

Lachinayi, 17 Julaye, Lengwe

Thuza ndalimata pulasitala. Njinga yamoto inanditenga kudutsa m'minda ya nzimbe mpaka pachipata cha nkhalango ya Lengwe, K7,000 kupita ndi kubwera titanenerera. Muno suyenda wekha, muli njati. Anandipatsa msilikali wa zanyama, mfuti paphewa, munthu wosalankhula zambiri. Za boo, nyama yamizeremizere imene nkhalangoyi imatchuka nayo, ena adalemba kale. Tinaona atatu akumwa madzi. Chimene chinandigwira ine ndi mayendedwe a mkuluyu.

Amayenda mapazi makumi awiri, nkuima. Amapendeketsa mutu. Amayendanso. Poyamba ndinkaona ngati tikuchedwa, kenako ndinayamba kumva zimene ankamva iye: masamba ouma akuphwanyika kumanzere, nkhanga zikukangana patali, anyani akuchenjezana, njiwa ikubwereza kachuni kake ka mawu atatu. Ine ntchito yanga ndi ya makutu, koma ndazindikira kuti chaka chonsechi ndakhala ndikumva mawu a m'mutu mwanga okha. Pansi pa mlambe wina waukulu anandiuza kuti, "Achimwene, m'tchire mukalowa ndi nkhawa za kunyumba, njati imakuonani inu musanaione." Ankanena za chitetezo basi, koma mawuwo ndawasunga.

Usiku uno ndawerenganso zimene mwana wa achemwali uja adanditumizira pa WhatsApp. Mu 2014, ku yunivesite ya Stanford ku America, Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz adayesa anthu 176. Ankawatchulira chinthu wamba, monga batani la malaya, kuti anene ntchito zina zachilendo zimene lingagwire. Munthu akamayankha akuyenda, maganizo atsopano ankachuluka ndi pafupifupi 60 pa 100 alionse kuyerekeza ndi pamene wakhala pampando. Ngakhale oyenda pamakina m'chipinda, atayang'ana khoma, ankapindula. Koma pa mafunso okhala ndi yankho limodzi lokha lolondola, kuyenda sikudathandize. Izi zandikhudza, chifukwa funso limene limandidzutsa usiku, loti ndidalakwitsa pati, ndimalifunira yankho limodzi, pamene nyimbo imafuna kuti makomo ambiri atseguke nthawi imodzi.

Chaka chotsatira, mu 2015, Gregory Bratman ndi anzake a pa yunivesite yomweyo adayendetsa anthu kwa mphindi 90, ena m'malo a udzu ndi mitengo, ena m'mbali mwa msewu wodzaza magalimoto. Oyenda kutchire adanena kuti kubwerezabwereza maganizo owawa kudachepa, ndipo makina ounikira ubongo adaonetsa kuti mbali imene imatanganidwa munthu akamadziimba mlandu idatsikako. A mumsewu sadasinthe. Ndikadawerenga bwino ndisananyamuke, dzulo sindikadalimbana ndi M1.

Lachisanu, 18 Julaye, Bangula

Ndagona maola asanu ndi awiri osadzidzimuka. Ndalemba kaye zimenezi ndisanalembe china chilichonse.

Minibasi ya ku Nchalo inatitula pa Ngabu nkutigulitsa kwa ina, imene inatenga maola awiri kuti idzaze. Ndinadya kanyenya wa mbuzi wa K2,000, ndikuonerera ng'ombe zikudutsa mumsewu ndi ngolo yodzaza mabelo a thonje. Tinadutsa pa Sorgin, nkufika pa Bangula dzuwa litapendeka.

Ndinasiya chikwama kogona nkutsata njanji yakale kulowera kumtsinje. Njanjiyi inkapita ku Blantyre kudzera pa Chiromo, koma madzi adaidula mu 1997, ndipo anthu opita tsidya la Makhanga amadalira mabwato. Padoko pali piringupiringu: njinga, matumba a chimanga, mbuzi zomangidwa miyendo, amayi ndi mabeseni a makakana. Sindinkafuna kuwoloka. Ndinapempha bambo wina wa bwato lamtengo kuti andilowetse pang'ono m'dambo nkundibweza. Tinagwirizana K5,000.

Ndivomere, ndinachita mantha. Bwato lamtengo limagwedezeka ngakhale ukangotembenuza khosi, ndipo madzi amakhala pafupi ndi m'mphepete moti chala chimawakhudza. "Khalani pansi penipeni, manja m'kati," anatero. Tinalowa m'kanjira ka pakati pa bango ndi gumbwa, namasupuni akukhula m'mbali mwa bwato. Phokoso la padoko linazimiririka. Kunatsala kuthonya kwa madzi pa nkhafi, akakowa akuuluka patsogolo pathu, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa, ndipo penapake mvuu inafwenthera. Mtima unagunda, koma mwini bwato sanatembenuke nkomwe.

Dambo limeneli ndi lija David Livingstone adalitcha Elephant Marsh atadutsa pa sitima mu 1859, ataona njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi. Lero mulibe ngakhale imodzi. Mu 2017 lidalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma kwa bamboyu ndi munda, msika ndi msewu. Anandionetsa masamba a kakombo nkunena kuti pansi pake ndi pamene amazula nyika, chakudya cha nthawi ya njala, ndipo pozula ndi pamene ambiri amagwidwa ndi ng'ona. Ananena mopanda kukweza mawu.

Ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji njira, popeza kwa ine bango lonse ndi lofanana. Anati chaka chilichonse madzi akasefukira amatseka njira zina nkutsegula zina. Mu 2015 adasintha, mu 2019 adasintha, pa Freddy ndiye adasinthiratu. "Koma kwathu sitikusowa, bambo. Umangoyang'ana kumene madzi akulowera."

Titabwerera padoko ndinayamba ulendo wobwerera, dzuwa likufiira kumapiri a kumadzulo. Chifukwa cha thuza lija ndikuyenda motsimphina pang'ono, phazi lina kuponda nthawi yaitali, lina mofulumira. Kutalika, kufupika, kutalika, kufupika. Sindikudziwa kuti ndinayamba liti kung'ung'udza. Ndinangozindikira kuti pakhosi pali chuni chimene sindinachimvepo, chikutsata mapazi, ndipo mawu a bambo wa bwato uja akudzikonza okha pamwamba pake:

Madzi adadutsa, adatenga nyumba,
koma njira ya kwathu ndikuidziwa.

Ndinaima. Chuni chinaimanso. Ndinayambanso kuyenda, chinabwerera. Ndinatulutsa foni manja akunjenjemera, nkujambula ndikuyenda, kuopa kuti ndikakhala pansi chithawa. M'mawu ojambulidwawo mukumveka kupuma kwanga, belu la njinga, ndi mwana wina akufuula kuti, "Amayi, bambo awa akuimba okha!"

Ndamvetsera kasanu. Sikuti ndi nyimbo yomaliza, ndi kolasi chabe. Koma ndi yatsopano.

Loweruka, 19 Julaye, kumudzi

Minibasi inanditula pamsewu, kotsalako ndi wapansi, ola ndi theka. Pamaliro tidabwera usiku pa lole, nkubwerera mawa lake, ndiye njirayi sindidaione. Lero ndaiona. Mapesi a mapira aimirira m'minda, mitengo ya masau yawerama, milambe ilibe tsamba. Pa mjigo wina ndinapempha madzi. Ali ndi kamchere, monga ambiri a kuno, koma mtsikana amene ankapopa anatsuka kapu kawiri asanandipatse. Ndinati "takhuta", mawu amodzi a Chisena amene ndidatola kwa bambo, ndipo amayi onse pamjigo anaseka mokondwa nkuyamba kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Azakhali anandiona ndikadali patali. Anagwira pakamwa. Akuti mayendedwe.

"Mwabwera wapansi, mwanangu? Galimoto yakusiyani?"

"Ayi, azakhali. Ndimafuna kuona njira imene adayenda bambo."

Sanayankhe. Anayala mphasa pansi pa bwemba, anandipatsa thobwa, kenako tinapita kumanda pamodzi ndi msuweni wanga. Za kumeneko sindilemba zambiri. Ndinazula udzu, ndinanena zimene ndakhala ndikunena ndekha usiku, ulendo uno mokweza.

Chakudya chinali nsima ya mapira ndi makakana owamba othira tomato. Tikudya, azakhali anandiuza nkhani ija kuchokera mbali imene sindidaimvepo. Bambo adayenda masiku atatu, osavala nsapato, atamanga mbatata zophika pa kansalu. Adagona pa Bangula pakhonde la sitolo. Malipiro oyamba adagulira azakhaliwa chitenje. Koma chimene chinandiimitsa mbamu m'manja ndi ichi: akuti kuyambira ali mwana, akakhumudwa sankakangana ndi munthu. Ankangonyamuka kulowera kudambo, nkubwera madzulo mtima utatsika, akuimba. Ankaimbanso valimba pa zisangalalo za m'mudzi, ndipo nyimbo zina ankapeka yekha.

Zaka zonsezi sindinadziwe kuti bambo ankapeka nyimbo. Ndimakumbukira kuti Loweruka masana ankasowa pakhomo, amayi nkumati apita kokawongola miyendo. Sindidafunsepo kuti ankapita kuti.

Ndinawaimbira azakhali kolasi ija. Anamvetsera maso ali pansi, nkunena kuti ndiimbenso. Kachiwiri analowa ndi liwu lachiwiri, pansi pa langa, m'njira imene ine sindikadaiganiza. Ndajambulanso.

Lamulungu, 20 Julaye, Nsanje

Tinapemphera m'katchalitchi ka njerwa zosawotcha. Titatuluka, ana a Sande sukulu anandizungulira, ndipo ndinawaphunzitsa mizere iwiri ija. Anaigwira kachitatu. Anawonjezera kuwomba m'manja kwawokwawo, kofulumira kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kukukhala bwino kuposa kwanga.

Masana msuweni wanga anandiperekeza kumsewu, ndinakwera ya ku boma. Ndinafuna kufika kumapeto. Tauni ino kale inkatchedwa Port Herald, ndipo njanji yochokera kuno idafika ku Blantyre mu 1908. Ndinayenda mpaka pa doko limene adatsegulira pulezidenti Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010. Simenti ilipo, yaitali, yopanda sitima. Anyamata awiri amawedza, mayi wina amachapa chapatali. Tsidya linalo ndi Mozambique. Ku Khulubvi, kunkhalango ya Mbona, sindinapiteko. Kumeneko sulowa mwachisawawa, pali miyambo yake, ndipo ndi chifukwa chake mitengo yake ikadalipo pamene malo ambiri ozungulira adayera.

Ndinayenda m'mbali mwa mtsinje mpaka dzuwa kulowa, kufuna ndime yoyamba. Inabwera theka, ya mnyamata wonyamula mbatata pa kansalu. Theka linalo lakana. Usiku wathawu ndinadzukanso 3 koloko, maganizo aja anabwera, koma sanakhalitse, ndinagonanso.

Mkazi wanga anaimba foni kufunsa za thuza. Ndinamuuza kuti Loweruka likubwerali ndikufuna tikakwere Michiru. Takhala pansi pa phiri limenelo zaka 11, timaliona tikamayanika zovala, koma sitinapondemo. Anati aphika mbatata.

Minibasi yoyamba akuti imanyamuka 4 koloko m'mawa, K15,000 mpaka ku Blantyre. M'chikwama muli ufa wa mapira, malambe ndi makakana ouma a azakhali, ndipo juzi ndaliika pamwamba chifukwa cha kumapiri. Liwu la besi la nyimbo ija silinapezekebe. Pulakatisi ili Lachiwiri 5 koloko, ndawalembera a tcheya a kwaya kuti abwere ndi choko.